Magazi a Achemwali Anga

Chaka chomwe achemwali anga anayamba kudwala, ndinali nditangolembedwa ntchito mu labu ya kachipatala kena, kuyeza magazi ndi makhololo. Kwathu ku Njuli ankanditchula kuti adokotala, ndipo ine sindinkakana.

Achemwali anaonda, mfundo za zala zinatupa, tsitsi linkathothoka, ndipo akakhala padzuwa kumaso kunkatuluka zidzolo. Inali nthawi imene matenda atsopano aja anali atangoyamba kumveka, anthu akunong'onezana za iwo pa maliro. Tsiku lina achemwali anabwera kuntchito kwanga ndi alamu, amuna awo. Achemwaliwo ndinawabaya chala, ndinapaka magazi pagalasi n'kuyang'ana pa makina. Asilikali a m'thupi, timaselo toyera tija, anali ochepa kwambiri. Zoyezera matenda atsopanowo tinalibe. Komabe ndinawaitanira alamu kuseri kwa labu n'kuwauza kuti zizindikiro zonse zikuloza komweko. Achemwali sindinawauze kanthu, ndinangowapatsa asipirini.

Pasanathe masabata awiri alamu anamanga katundu n'kubwerera kwawo ku Mikolongwe, akuti mkazi ndiye anali woyendayenda. Amayi anawapatulira achemwali kapu ndi mbale. Pamsika anthu anasiya kugula zitumbuwa zawo.

Amalume ndi amene anawatengera ku Blantyre, ine n'kutsatira. Kumeneko anawayeza kawiri, matenda aja osapezeka. Dokotala wina wachikulire, atamva kuti ndine wa mu labu, anandikhazika pansi. Anati msilikali aliyense ali ndi kachikopa kamafuta, ndipo mkati mwake muli timapuloteni timene timakhala phee mpaka titamatirira pa mafutawo. Tikamatirira, msilikali amadzuka kukamenya nkhondo, tikamasuka amapuma. Asilikali a achemwali sankapuma, ankamenya thupi lawo lomwe mpaka iwo eni kumatha. Kenako dokotalayo anandifunsa kuti ndani anauza achemwali kuti ali ndi matenda atsopano aja. Ndinati ndi anthu a kumudzi.

Mankhwala anawathandiza ndithu. Patapita miyezi ndinakawaona, ndinawapeza akusenda chinangwa pamthunzi. Ndinayamba kufotokoza za timapuloteni tija, ndi kuti matenda amenewa ndi ovuta kuwazindikira.

"Zimene unanena kuseri kwa labu alamu ako anandiuza tsiku lomwelo, tili m'basi," anatero osadzutsa mutu. "Ndimangodikira kuti undiuze wekha."

Ndinapita ku Mikolongwe ndi kalata ya dokotala, n'kupeza alamu atakwatira kale. Anaiwerenga, anandibwezera, nati iwo anangomvera mawu a munthu wophunzira.

Achemwali analera okha ana awo atatu, ndipo anakhala ndi moyo zaka zambiri. Nkhaniyi sanaitchulenso. Anawo anakula, ndipo akandifunsa chimene bambo awo anachokera pakhomo, ndimangoti anathawa matenda a amayi awo.