Dzinja Lomwe Ndinaseka Achemwali

Fungo la chitsulo chopsa likasakanikirana ndi la dothi lonyowa, ine ndimapezeka ndili ku Nathenje, m'shedi momwe bambo ankawotcherera ngolo. Ndinali ndi zaka khumi. Dzinja limenelo mvula inkagwa yosakata, malata ankadontha, ndipo ngolo zomwe bambo akonza zinkabwerera zitang'aluka pomwe anawotcherera pomwepo. Alimi a ku Mitundu anayamba kupita kwina.

Ndi pomwe anabwera kutchuthi achemwali anga a Esinati, amene ankaphunzira za sayansi kunja. Bambo ankafuna akhale namwino, ndiye chichokereni awiriwa sankayankhulana bwino. Achemwali ankafunitsitsa bambo aone kuti sukulu yawoyo ndi yaphindu. Anatifotokozera kuti amaomba zitsulo ndi tinthu tosaoneka totchedwa manyutironi, ndipo akaona mmene tamwazikira, amadziwa pomwe mpweya wa hayidirojeni wabisala m'katimo. Kenako anatola ndodo zowotcherera zomwe zinkakhala pansi, zitazizira ndi chinyezi.

"Bambo, chitsulo chikatentha chimamwa mpweya wochokera m'chinyezichi, n'chifukwa chake chikung'aluka. Tiziumitsa kaye ndodozi."

Ine ndinafa nalo phwete. Chitsulo kumwa! Ndinafunsa ngati chimakonda thobwa kapena tiyi. Makasitomala awiri anaseka mpaka kugwira m'mimba, bambo nawonso anaseka, ndipo ine ndinadzimva kukula, pakuti bambo sankaseka wamba. Pofika masana ndinali nditapeka kanyimbo, ana a pamsika n'kumaimba achemwali akamadutsa.

Iwo sanandikalipire. M'mawa mwake anayala ndodo zija pambali pa mbaula kuti ziume. Ine pakamwa panga posakhazikikapa, ndinathamanga kukauza bambo kuti achemwali, adokotala a zitsulo, akuphikira ndodo zija phala. Bambo anazitola n'kuzibwezera pansi paja, amvekere ntchito yawo saphunzitsidwa ndi mwana. Lachisanu achemwali anakwera minibasi tchuthi chisanathe. Patapita zaka ziwiri bambo anamwalira, awiriwa asanaonanenso.

Zimandiwawabe. Masiku amenewo ndinkaganiza kuti ndikuikira bambo kumbuyo. Nditakula ndinamva kwa owotcherera ena kuti achemwali ankanena zoona, ndodo zonyowa zimang'alula ntchito. Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi chomwe anadzandiuza okha pa foni, mosakwiya n'komwe: ulendo wonse m'ndege ankafunafuna liwu la Chichewa loti bambo amve, ndipo lomwe anapeza linali "kumwa".