Mayina pa Mazira a Njoka

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene ndinasunga njoka m'nyumba mwa mayi anga. Ndikudziwa zimene mwayamba kale kuganiza. Anthu a kwathu, kumunsi kwa phiri la Michesi, anaganizanso zomwezo.

Njokayo sinali yanga. Inali ya kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu, imene ankayendetsa a Mulipa, mmodzi mwa aphunzitsi achinyamata amene analembedwa mofulumira sukulu itakhala yaulere. Anaigwira okha ndi manja m'chipinda chosungira mabuku, mmene inkadya makoswe. Inali yofiirira, yopanda ululu. Tsiku loyamba kuikhudza ndinakuwa. Pofika lachitatu inkadzikulunga pamkono panga, yozizira ngati chubu cha njinga.

Tchuthi cha Disembala chitafika, akazi awo a Mulipa anakana kuti bokosi la njoka lilowe m'nyumba mwawo. A Mulipa anandiitana. "Agnesi, iwe ndiwe wolimba mtima kuposa anyamata onsewa. Kaisunge."

Mayi anakana masiku awiri, kenako anati, "Poti anena ndi aphunzitsi." Iwo sanapondeko m'kalasi. Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, bambo n'kudzamwalira kuno, ndipo mawu a mphunzitsi ankawatenga ngati a m'tchalitchi.

Patatha sabata, ndikutsegula bokosi kuti ndiponyemo khoswe, ndinapeza mazira asanu ndi awiri, oyera, aatali, ofewa ngati chikopa. Palibe ankadziwa kuti njokayo inali yaikazi. Ndinathamanga kukawauza a Mulipa. Anabwera pa njinga, atasonkhanitsa ana a m'kalabu, nkhope ikuwala ngati abadwitsa mwana. Anati ndiike mankhusu a mpunga onyowa pang'ono mumphika wadothi, ndikhazikemo mazira, ndivundikire ndi mbale, ndiike pakona pa khitchini pofunda.

"Awa si a nkhuku," anatero. "Ukawatembenuza, kamwana kafera momwemo. Tilembe chizindikiro pamwamba." Kenako anaseka. "Kapena aliyense akhale ndi lake. Agnesi, iwe umalemba bwino. Lemba mayina."

Ndinalemba ndi pensulo, pang'onopang'ono, anzanga akukanganirana dzira lalikulu. Linagwera mnzanga Lufina.

Masabata asanu ndinawasamala mazirawo kuposa mmene ndinasamalirapo chinthu china chilichonse. M'mawa uliwonse, ndisanapite kokapalira, ndinkapisa chala m'mankhusu kuti ndimve chinyezi, n'kuwazamo timadzi. Ndinkanunkhiza kuti ndidziwe ngati lina layamba kuwola. Fungo lake linali la dothi mvula itangogwa. Mazira anafufuma, mayina n'kutambasuka.

Mu Januwale Lufina anadwala malungo aakulu, mpaka kumakomoka. Tsiku lachitatu azakhali ake anabwera kwathu kudzapala moto, ife tili kumunda. Chimene anavundukulira mphikawo sindikuchidziwa. Koma ankatha kuwerenga.

Pobwera tinapeza bwalo lathu ladzaza. Bambo ake a Lufina, a Nakoma, anali atanyamula mphika uja. "Mwana wanga wakulakwirani chiyani, mayi inu? Ndi awa asanu ndi mmodzi, mumafuna muwadye liti?"

Mayi anayesa kufotokoza, koma akachita mantha Chichewa chinkawathawa, n'kuyamba Chilomwe chothamanga. Ine sindinaope ngakhale pang'ono. Ndinati, "Tiyeni kusukulu. Akanena okha aphunzitsi."

Tinapita tonse, mphika patsogolo. Ahedi anaitana a komiti ya sukulu, anaitananso a Mulipa. Mayi anakhala pansi, ine ndinaimirira. Ana a m'kalabu anali pomwepo, aliyense atagwidwa dzanja ndi kholo lake, maso pansi. Amenewo sindiwawerengera. Anali ana. Ine ndinkangodikira mawu a munthu mmodzi, mayi anga atsukidwe.

"A Mulipa," anatero ahedi, "mtsikanayu akuti zinthuzi n'zanu."

A Mulipa anayang'ana mumphika nthawi yaitali, ngati akuona chachilendo.

"Njoka ya kalabu ndinaitaya kuthengo tisanatsekere," anatero. "Za mazira ndikuzimva lero."

"Aphunzitsi, mukunama!"

Ahedi anamenya tebulo. Mwano wanga ndi umene unakhala mlandu woyamba kuweruzidwa.

Mazira anawathira palafini n'kuwayatsa pabwalo la mpira. Limodzi linaphulika, ndipo ndinaona kamwana kake, kotalika ngati chala, kakuphiriphitha m'motomo. Njoka anakaiphwanya mutu ndi mpini. Madzulo ake Lufina anamutengera kuchipatala, kumene akanayenera kupita naye tsiku loyamba. Anachira. Anthu anati wachira chifukwa mazira apsa.

Kuyambira pamenepo mayi akafika pamjigo, amayi ankasuntha ndowa zawo. Kumaliro ankawasiya akhale okha pamphasa. Kutchalitchi anawauza kuti ayambe apuma kaye kugulu la amayi, ndipo akupumabe mpaka lero. Mayi sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandimenya. Ine ndinapita kusukulu masiku anayi, ndikukhala ndekha pakati pa kalasi ya ana oposa zana, mbali zonse pali mpata. Lachisanu ndinapita kumunda.

A Mulipa ndinakumana nawo pamsewu wa ku Fort Lister patatha mwezi. Anatsika njinga, anayang'ana uku ndi uku.

"Agnesi, undimvetse. Dzina langa lili pamndandanda wa opita kukoleji. Akanandichotsa. Iwe ndiwe mwana, anthu aiwala."

Ndinapitiriza ulendo wanga. Padutsa zaka zisanu ndi ziwiri, palibe waiwala, ndipo palibe mnyamata wa m'mudzi muno amene makolo ake angamulole kugogoda pakhomo pathu.

Anthu amayembekezera kuti ndizidana ndi a Nakoma. Ayi. Mwana wawo ankafa, ndipo anaona dzina lake pa dzira la njoka. Nanenso ndikanakuwa. Iwo sankadziwa. Amene ankadziwa zonse anali mmodzi, ndipo zonse zimene anandiphunzitsa za njoka zinali zoona, palibe chimene ananama. Ndinkayesa kuti munthu wotha kugwira njoka ndi manja sangaope kanthu. Njoka yopanda ululu aliyense angaigwire. Kuimirira pamaso pa anthu okwiya n'kunena kuti "ndine ndinamutuma," pamenepo ndi pamene ndimayezera munthu tsopano, kaya wavala tayi kaya wanyamula Baibulo. Ochepa amakwana.