Chingwe Chikaduka

Ndikukumbukira galaja ya nyumba yathu ya ku Midland, dera la mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, kufupi ndi njanji, m'chilimwe chija mliri wa korona unatitsekera malire. Munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo munkanunkha jiki ndi matayala akale. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Akaweruka masana sankalowa m'nyumba ayi. Ankavulira yunifolomu m'galajamo, kuiponya m'ndowa, kumanga chitenje, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kenako kukhala pampando wapulasitiki kuti miyendo ipume. Ukawayandikira asanasambe thupi lonse, unkaona zakuda. Malo anga anali pakhomo lolowera kukhitchini, patali ndithu, buku la za ndege lili pamiyendo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ku Perth ndinali nditakhalako zaka zinayi. Kusukulu ndinalowa kagulu ka achinyamata okonda za ndege. Loweruka lina anatitengera kuminda ya tirigu kuseri kwa mapiri n'kutikweza gilaida, ndege yopanda injini. Ndege ina ya injini imaikoka ndi chingwe chachitali, mukafika m'mwamba mumamasula chingwecho n'kutsala nokha ndi mphepo. Abale inu, bata lake! Pomwe ndinkatsika ndinali nditapenga nayo kale. Ndinaphunzira miyezi yambiri, mphunzitsi wanga a Ron, mzungu wachikulire wosalankhulalankhula, atakhala kumbuyo kwanga. Kuti ndiuluke ndekha panatsala zinthu ziwiri: kukhoza mayeso olemba, ndi fomu yoti kholo lisayine. Zonse ziwiri zinkafunika Loweruka limodzi.

Fomu yoyamba, yoyambira maphunziro, bambo anasayina okha ali otopa kuchokera kowotcherera zitsulo ku Welshpool, ndipo amayi atazindikira sanawalankhule masiku atatu. Ulendo uno bambo anangoiyang'ana chapatali n'kunena kuti, "Kafunse amayi ako." Anachenjera bambo anga.

Amayi anaiwerenga fomuyo ili pansi, osaigwira.

"Iwe Tadala," anatero, "kwathu ku Ntcheu ndege yopanda injini timaidziwa. Ndi lichero. Ndipo okwera ake sasayinitsa makolo."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Panali patangopita milungu itatu malume, mchimwene wawo yekhayo, atamwalira ndi mliriwo kumudzi. Kupita kunali kosatheka. Maliro tinaonera pafoni, chithunzi chikuduladuka, nyimbo zikumveka ngati zikuchokera m'chitini.

"M'bale wanga ndamuika m'manda pafoni," anatero. "Iwenso ukufuna ndikakutole m'munda wa tirigu?"

Ndilibe mtima wautali, ndipo nthawi imeneyo ndinalibiretu. Ndinatola fomu yanga, kumenyetsa chitseko, n'kukalira kuchipinda. Ndinalumbira kuti sindidzadya. Ndinadya, koma mokwiya.

Mawa lake atangokhala pampando wawo uja anandiitana. "Bwera ndi buku lakolo. Undiuze chimene chimaigwira ndegeyo kuti isagwe. M'Chichewa. Ndikamva, ndisayina. Ndikapanda kumva, ndiye kuti iwenso sunamve."

Mumtima ndinati, phala ili. Bukulo ndinali nditaliloweza ngati ndakatulo ya pa tsiku lotsekera sukulu. Chimene sindinkauza aliyense n'chakuti pamayeso oyeserera a pakompyuta ndinkagwa kawirikawiri. Akangotembenuza funso pang'ono, mutu unkaima. Ndiye tsiku loyambalo ndinatsegula pakamwa mwamatama, ndipo chimene chinatuluka ndi Chizungu chokhachokha, mawu aataliatali a m'bukumo.

"Chizungu chimenecho ukauze nthaka pamene ukugwa," anatero amayi. "Yambiranso."

Chichewa changa chinali chitachita dzimbiri, chinkangokwanira kupempha mchere ndi kupereka moni kutchalitchi. Koma vuto silinali la chilankhulo chokha. Mawu ndinali nawo, koma chinthu chenichenicho ndinalibe.

Ndinayamba kukonzekera masana onse ngati ndikupita kubwalo la milandu. Za phiko ndinaziganizira masiku awiri, kenako ndinawafunsa ngati anatulutsapo dzanja pawindo la minibasi ikuthamanga. Ukalipendeketsa pang'ono limakwera lokha. Ukalipendeketsa kwambiri, mphepo imangolimenya. Minibasi ikaima, dzanja limagwa. Anatukula dzanja lawo lotumbululuka ndi sopo, kuliyendetsa mumpweya wotentha wa m'galajamo, n'kunena kuti, "Ndiye kuti chimaigwira ndi liwiro." Ine ndinali nditawerenga tsamba limenelo kakhumi osaona kuti likunena zomwezo.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi la mpweya wokwera. Ndinkavutika kufotokoza kuti dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wotentha umakwera ngati chipilala, ndipo gilaida imazungulira m'menemo kuti nayonso ikwere. Ndinkangopota manja m'mwamba ngati wotsogolera kwaya.

"Ukunena za kabawi?" anafunsa amayi.

Anandiuza kuti ali mtsikana ankaweta nkhuku, ndipo kabawi sankabwera m'mawa. Ankadikira dzuwa liswe mtengo. Ankazungulira pamwamba pa munda wolimidwa kumene kapena pathanthwe, mapiko ali tambalale, osakupiza ngakhale kamodzi. Padambo sankachedwapo. Ukaona timitambo toyera tapansi pafulati tikuyamba kumera, unkadziwa kuti nthawi yotsekera anapiye yakwana. Ndinatsegula buku n'kuyang'ana. Mutu wonse wa zanyengo, umene unkandizunguza, amayi anaunena atatsinzina, akusisita bondo.

Nditawauza kuti kuminda ya tirigu timasakasaka kamvuluvulu chifukwa amasonyeza pamene mpweya ukukwera, anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Anthu amathawa kamvuluvulu, inu mumamulondola? Nanga si lichero lomwe lija limeneli?" Anaseka mpaka misozi, mpando ukugwedezeka. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chimwalirireni malume. Bambo anasuzumira pawindo la kukhitchini n'kubwerera mwakachetechete.

Malamulo a mlengalenga okha ndiwo anawakana. Za amene ayenera kupatsa mnzake njira, za malo oletsedwa, anangoti, "Zimenezo ndi za apolisi, uwerenge wekha."

Lachisanu, mayeso ali mawa, ndinabwera ndi fomu ndi cholembera, ndili ndi chikhulupiriro kuti tamaliza. Amayi anali atafika otopa kuposa masiku onse, chizindikiro cha masiki chili pamphuno. Anayang'ana fomuyo nthawi yaitali.

"Pali tsamba limodzi limene wakhala ukulidumpha," anatero. "Ndakuona. Chingwecho chikaduka musanakwere, muli pafupi ndi nthaka, umatani? Chakudza sichiimba ng'oma."

Tsambalo ndinkalidumpha dala, chifukwa yankho lake loona likanatha kundilanda fomuyo. Ndikanatha kunama kuti zingwe za kuno siziduka. Akanadziwira kuti? Koma ndinawayang'ana, munthu amene tsiku ndi tsiku ankavulira zovala m'galaja kuti ife tisadwale, ndipo bodza linakana kutuluka.

Ndinawauza kuti chingwe chimaduka ndithu. Chikaduka, mtima umakuuza kuti ukoke ndodo yowongolera, udzutse mphuno ya ndege, uthawe nthaka. Ukatero liwiro limatha, ndipo umagwa ngati dzanja lija minibasi itaima. Choyenera ndi kukankha ndodo msangamsanga, kuweramitsa mphuno kuloza nthaka imene ukuiopayo, liwiro libwerere, kenako n'kutera kutsogolo, osakhotera kumbuyo.

"Unayesapo?"

"A Ron amamasula chingwe dala, osandiuza. Ulendo woyamba ndinauma manja, amayi. Anachita kundilanda ndodo."

Nkhope yawo inagwa. Ndinadziwa kuti fomu yapita.

"Wachiwiri?"

"Ndinakankha ndekha. Wachitatunso, ndi wachinayi. A Ron asanalankhule n'komwe."

Sitima inadutsa kunjanji n'kuzimiririka. Kenako anadzuka, kusambanso m'manja ngakhale anali atasamba kale, n'kundiuza kuti ndiike fomuyo pamwamba pa makina ochapira ndipo ndisunthe. Anasayina, dzina lawo linatsetsereka kuchoka pamzere.

"Ukanandinamiza, sindikanasayina," anatero. "Ndikuopabe, usaganize kuti ndasiya. Chotsa pepala lako ndikasambe."

Mayeso tinalembera m'kanyumba ka malata pabwalo la ndege, matebulo atatalikirana, masiki kukamwa, ntchentche zikutera pazikope. Funso lililonse ndinkaliwerenga m'Chizungu, kuliyankha mumtima m'Chichewa ngati ndili pakhomo la galaja, kenako n'kusankha yankho. La munda wolimidwa ndi dambo linabwera. La chingwe linabwera, atalitembenuza mochenjera, koma silinandipeze. Ndinakhoza. Mafunso ochepa amene ndinalakwa anali a apolisi aja. A Ron atafunsa amene anandiphunzitsa zanyengo, ndinati ndi mayi wina woweta nkhuku, ndipo anangogwedeza mutu ngati n'zodziwika kale.

Lero m'galaja muja mumangogona galimoto, ndowa ija imakolopera m'nyumba. Achinyamata amene amandipeza kubwalo la ndege amawerengera mayeso pafoni, kudina mayankho mpaka atawaloweza, ndipo ambiri amakhoza. Ndimawafunsa ngati angathe kufotokozera amayi awo, iwo n'kumandiyang'ana ngati ndasokonekera. Ine ndimathokoza kuti ndinapeza munthu amene anakana kumva Chizungu changa, ngakhale amachilankhula tsiku lonse kuntchito. Anandibwezera chilankhulo changa, ndipo anandilola kupita pa nthawi imene anali ndi chifukwa chokwanira chonditsekera m'nyumba.

Kukwera gilaida amayi sanakwerepo, ndipo akuti sadzakwera. Mpaka pano amangoti lichero la Tadala. Koma Loweruka lapitali ndikukonza ndege, foni inalira m'thumba. Unali uthenga wawo, ali pa nthawi yopuma kuntchito: "Akabawi awiri pamwamba pa malo oimika magalimoto, sakukupiza. Lero mpweya ukukwera bwino. Uyang'ane chingwecho kawiri."