Kamera ya a Kalua

"Bwezani kamera yanga, a Gondwe! Kuno si kubalaki, mwamva?"

Anakuwa choncho ndi a Kalua, Loweruka lapitali, tili pamwamba pa khoma la linga lakale la mafumu a kuno, azungu okalamba ovala mamendulo akutiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kamerayo sindinabweze tsiku limenelo. Ndikuuzani chifukwa chake, kenako mundiweruze. Mayina a anzangawa ndasintha, musavutike kufufuza.

Bungwe lina la asilikali opuma ku Wakefield linakonza ulendo wokaona lingali, ndipo linati nafenso amene tinagwirapo mfuti kwathu tikwere nawo basi. Amalawi tinalipo atatu. Ine, amene ndinavala yunifolomu zaka khumi ndi ziwiri ndisanayambe kusenza makatoni kuno. A Kalua a ku Leeds, amene akazi awo ndi nesi, ndipo amapita kumudzi Disembala aliyense. Ndi a Chirwa.

A Chirwa anachoka ku usilikali osatsanzika. Nkhani yawo ya mapepala okhalira kuno sinathe. Mayi ndi ana atatu akadali kumudzi, komwe anthu amangodziwa kuti bambo ali ku Joni. Zaka ziwiri akhala akudzitsekera m'nyumba, ndipo amene anawakakamiza kuti akapitidweko mphepo ndine.

Fungo lokayikitsa ndinayamba kulimva m'basi. Asilikali akakumana amafunsana nambala ya usilikali. Mkulu wina wogontha khutu limodzi anatchula yake osapumira. Ine ndinatchula yanga. A Kalua anaseka.

"Aaa, ndi kale, ndinaiwala. Pajatu ine ndinali wa muofesi."

Kuiwala? Abale, msilikali amaiwala tsiku la ukwati wake, koma nambala ayi. Mukamudzutsa ali ndi malungo, ayitchula asanatsegule maso.

Titafika, wotiperekeza anationetsa timazenera toponyera mivi ndi dzenje lomwe ankaponyamo akaidi. Azungu onse makamera kuloza miyala. A Kalua miyalayo anaifulatira. Kamera yawo inkangotsata nkhope ya a Chirwa. Ndinawerenga katatu. Kachinayi anawonjeza ndi mafunso.

"Achimwene, munali ku Zomba kapena ku Lilongwe? Munachoka chaka chanji?"

A Chirwa anakokera chipewa kumaso.

"Mukujambula linga kapena munthu?" ndinafunsa.

"Ndi chikumbutso chabe, a Gondwe. Mwatani kodi?"

"Mwawapempha eni nkhope?"

"Kupempha chithunzi? Inu mankhwala mwamwa lero?"

Mtima wanga mumaudziwa. Ndinangozindikira kamera ili m'thumba la jekete langa, zipi yotseka.

Tsopano tiyeni tikambirane. Kodi matenda ojambulana awa tinawatenga kuti? Kutchalitchi, kamera. Paphwando la mwana, kamera. Ngakhale pamaliro, wina ali pakona, thwa! thwa! Disembala ikakwana zithunzi zonsezo zimakwera ndege, n'kukayalidwa pamkeka ku Ndirande. "Uyu ndi uje. Uyu si uja anasowa ku Zomba?" Basi, nkhani yafika kumene siyimayenera kufika, ndipo amene asilikali akamugogodere pakhomo ndi mayi amene sanaonepo ngakhale chitseko cha ndege.

Tisanamizane. Kuno sitinabwere mofanana. Ena anatsika ndege kalata ya ntchito ili m'manja. Ena anatsika ndi thukuta lokha. Timapemphera limodzi, timadyera limodzi, koma wina akagona amagonadi, wina amamvetsera mapazi pamasitepe. Inu amene zanu zinayera, chithunzi kwa inu ndi pepala. Kwa mnzanu ndi chingwe cha m'khosi.

Mwina a Kalua ndi munthu wabwinobwino wokonda kamera yake. Mwina analidi kalaliki wa mutu woiwala. Mayi a kunyumba akuti ndinachititsa mtundu manyazi pamaso pa azungu, ndipo nsima ya tsiku limenelo ndinadya ndekha. Chabwino. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Ndikalakwa ine, a Kalua ataya zithunzi za tsiku limodzi. Akakhala kuti ndi kazitape monga ndikuwaganizira, a Chirwa ataya chiyani? Ndipo anawatulutsa m'nyumba ndani?

Pobwerera a Chirwa anakhala mpando wakumbuyo. Potsika anangondiuza mawu amodzi: "Musadzandiitanenso."

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinaima pakhomo panga n'kutsegula kamera ija. Ndinasolola filimu yonse mpaka kumapeto, n'kuiyanika pakadzuwa kozizira ka kuno kufikira itapsa. Ndinagula ina yatsopano pagolosale, ndinaiikamo, n'kukwera sitima ya ku Leeds. Anatsegula chitseko ndi mayi Kalua, akadali ndi yunifolomu ya kuchipatala. Ndinawapatsa kamera ndi manja awiri.

Zomwe zinali mufilimu muja sindikuzidziwa, ndipo sindidzazidziwa. Kumudzinso sadzazidziwa.