Mpando wa Apongozi pa Mota Yanga

Mota ija ndinaigula kwa kapitawo wina wa kumunda wa tiyi, tsidya la Muloza, chaka chimene tinkachoka ku msasa wa othawa nkhondo. Inali njinga yamoto yayitali, yolemera ngati ng'ombe yapangolo, yopangidwira anthu oyenda maulendo ataliatali pa tala. Kwathu tala kunalibe. Masipuling'i ake akumbuyo anali atafooka, moti ukagwera m'dzenje ululu unkachoka kumsana n'kukafika m'mano. Koma inkayenda, ndipo pa Milange masiku amenewo chinthu choyenda popanda kupalasa chinkapatsa munthu ulemu.

Tinabwerera tonse: ine, mkazi wanga, ana, ndi apongozi anga aakazi. Tinayamba takhala pa tauni, m'kanyumba kopanda zitseko, kudikira kuti njira zakumudzi zichotsedwe mabomba okwirira. Mudzi wa mkazi wanga uli cha ku Majaua, ndipo ine monga mkamwini, kumeneko ndiye kunali kwathu. Munda wa apongozi wa m'mbali mwa dambo ndiwo unali woti utidyetse.

Kenaka anthu a njinga zakapalasa anabwera ndi uthenga: msuweni wa mkazi wanga, amene anafulumira kubwerera, wayamba kulima m'munda uja, ndipo akuuza anthu kuti mwini wake anafera ku Malawi. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana paphiri. Munthu akadzala, mbewu n'kumera, sungamuzulire. Chaka chimenecho chapita, ndipo munda ukagona chaka m'manja mwa wina umayamba kuiwala mwini wake.

"Ndipita ndekha ndikam'phunzitse khalidwe," ndinatero.

"Mukam'phunzitse monga ndani?" anafunsa mkazi wanga. "Inu ndinu mkamwini, bambo. Pa munda uja mulibe mawu, ngakhale mutawalankhula m'Chipwitikizi cha kusekondale. Ine akandiuza kuti ndine mwana. Akufunika amayi eni ake, anthu akawaone kuti ali moyo."

Apa ndiye panali vuto. Apongozi miyendo inali yotupa, kuyenda kwawo kunali kwa pakhomo ndi kuseri. Minibasi zinali zisanayambe kupita uko chifukwa milatho inagwetsedwa pankhondo. Chotsala chinali mota yanga. Koma kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sakhudzana, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ngakhale kumsasa, m'mahema opanikizana muja, tinkasungabe zimenezi: ine ndikamalowa ndinkatsokomola, iwo n'kutembenukira kukhoma. Tsono pa mota wokwera kumbuyo amagwira woyendetsa m'chiuno.

Apongozi anali atakhala pamphasa pafupi pomwepo, koma analankhula ndi mwana wawo. "Uwauze eni njinga kuti ine sindinakalambire kudzagwira amuna a mwana wanga m'chiuno. Bola munda upite."

Ndinatuluka panja n'kukamenya theche chidebe. Chidebecho chinali cha anansi.

Pamsika panali wowotcherera wina, tinkangomutchula kuti mesitiri. Anali ndi kajenereta kotsokomola ndi pakamwa posatopa. Nditamufotokozera anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye mukufuna mota yoti anthu awiri akwere koma asakhale pamodzi?"

"Ndikufuna muwotcherere, osati mundifunse mayeso."

"Achimwene, mugule mota yachiwiri, muziikoka ndi chingwe."

Tinayamba ndi thabwa. Tinaliimika pakati pa chishalo ngati khoma, kuti apongozi azigwira thabwalo m'malo mwa ine. Poyesa tinakweza thumba la chimanga kumbuyo. Dzenje loyamba lenileni, thumba linakankha thabwa, thabwa n'kundimenya pankhongo. Ndinabwerera ndili ndi chotupa, ndipo mawu amene ndinamuuza mesitiri sindingawalembe, poti bukuli mwina adzawerenga adzukulu anga.

Kenaka anatulutsa mpando wachitsulo, wokhala ndi moyedzamira ndi moika mikono, umene anautola m'mabwinja a ofesi ina. Tinatalikitsa kaliyala ndi mapaipi n'kumangirirapo mpandowo ndi mabawuti. Ndinakwera, mesitiri n'kukhala pampando ngati apongozi. Maondo ake anandibaya m'nthiti.

"Akamwini andikhudza," iye anatero ndi mawu aang'ono, kutsanzira apongozi.

"Mukapitiriza chipongwe ndikuwotchererani pompo."

"Titembenuze mpando, uyang'ane kumbuyo. Maondo apita uko, maso apita uko. Mwambo wakwana."

Tinautembenuza. Pansi pake tinaikapo masipuling'i a mpando wa lole ina yopsa. Tinakhomera kathabwa kopondapo mapazi otupa aja. Siponji ndinadula pangodya ya matiresi athu, nkhani imene mkazi wanga amaikumbutsabe alendo akabwera. Pamwamba tinamangirira ambulera ndi malegeni, timizere ta chubu chakutha tija. Kuti mpando ukwane bwino, mesitiri anadula chishalo changa pakati, ine n'kutsala ndi kachidutswa kongokwana thako limodzi ndi theka.

"Nanga ine ndikhala pati?"

"Inu ndinu mkamwini. Anakuuzani ndani kuti mkamwini amakhala?"

Thumba la chimanga linayenda bwino kwambiri pampando uja, silinadandaule ngakhale kamodzi. Chimene tonse awiri tinaiwala n'chakuti thumba la chimanga silinyamula katundu. M'mawa wa ulendo apongozi anatuluka ndi phukusi la zovala, khasu, nkhuku yomangidwa miyendo, ndi mphero yawo, mwala umene anathawa nawo kupita ku Malawi n'kubwera nawonso. Mkazi wanga anawakweza, ine nditayang'ana kumbali. Nditangoliza injini n'kusiya kilatchi, tayala lakutsogolo linanyamuka ngati mbuzi yofuna masamba a m'mwamba. Anthu a pamsika anaombera m'manja. Tinachita kuchotsa mphero ndi khasu n'kuzimangirira kutsogolo, pamwamba pa nyali, mota n'kukhazikika. Mkazi wanga anatsala ndi ana, ndipo tikunyamuka anandinong'oneza kuti, "Pakamwa panupo mumange. Amenewa ndi amayi."

Titatuluka m'tauni ndinazindikira kuti tasiya womasulira. Apongozi sanavutike nazo.

"Iwe nkhuku," anatero mokweza, kupikisana ndi injini, "uwauze eni njinga kuti sitikuthawa nkhondo. Nkhondo inatha."

Ndinachepetsa liwiro.

"Nkhuku, uwafunse ngati mafuta atha."

"Nkhuku," ndinayankha ine, bambo wa ana, wophunzira mpaka kusekondale, "uwauze amayi kuti mafuta alipo."

Msewu unali njira ziwiri za matayala pakati pa udzu wautali, ndipo aliyense ankadziwa kuti kunja kwa njirazo sikopondako. Dzenje ukaliona umangolowamo. Apongozi pamasipuling'i awo ankangonyamuka n'kutera mofewa ngati akhala pamtambo. Ine kachidutswa kanga kachishalo kankandisema. Pa dzenje lina lalikulu ndinalephera kupirira, ndinatukwana chapansipansi m'Chipwitikizi, poganiza kuti pamenepo ndabisala.

"Nkhuku, uwauze kuti mawu amenewo ndinawamva kale kwa akapitawo a thonje iwo asanabadwe. Ndipo akapitawowo ankawatchula bwino."

Anthu amene tinkakumana nawo, osenza mitolo kubwerera kumidzi yawo, ankayamba aona ine ndi mwala pamphumi pa mota. Tikawadutsa ankadzidzimuka kuona mayi wachikulire ali ndi ambulera akuwayang'ana m'maso, akutalikira. Apongozi ankapereka moni kwa aliyense, kufunsa za ana, ndipo yankho linkatipeza titafika kale patali. Ankandiuzanso, kudzera kwa nkhuku, za maenje amene tawadutsa kale.

Cha kutsogolo tinayamba kudutsa midzi yopsa. Ine ndinkayamba kuona zipupa zakuda ndi mitengo ya mango yopanda mwini, iwo n'kuziona pambuyo. Ankauza nkhuku kuti apa pankakhala auje, apa tinavina ukwati wa auje. Pamalo amenewo ndinkayenda pang'onopang'ono popanda wondiuza, ndipo nkhuku sinatumidwe kudzandifunsa za mafuta.

Dzuwa litapendeka tinafika pa mtsinje wotsiriza. Mlatho unali m'madzi, zitsulo zili chagada. Madzi anali ofika m'ntchafu, oti munthu angawoloke koma mota ayi. Tsidya linalo, kupitirira bango, kunkaoneka utsi wa munthu wotentha mapesi.

"Nkhuku, utsi uwo ukufuka m'munda mwanga."

Panalibe munthu, ngakhale mayi mmodzi wochapa woti awabereke. Ndinakuwa, anandiyankha achule. Ndinazungulira mota, ndinamenya theche tayala, chala changa chachikulu n'kumva. Kuwabereka sindikanatha. Iwo kuyenda m'madzi othamanga ndi miyendo ija sakanatha. Munda unali apo, tikuununkhiza.

"Nkhuku, uwauze atembenuze njinga tizibwerera. Ndafika, ndauona utsi wake."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa chipongwe chonse cha mesitiri. Ndinakhala pansi nditafulatira, maso ali pa mabawuti a mpando uja, ndipo mkwiyo womwewo ndiwo unandipatsa nzeru.

"Nkhuku," ndinatero, "ukawafunse amayi. Mwambo umaletsa mkamwini kunyamula apongozi. Kodi umaletsanso kunyamula mpando?"



"Uwauze kuti za mipando makolo sananenepo."

Anatsika okha n'kukhala pachitsa. Ndinamasula mabawuti ndi sipanala, ndinaika mpando pamwala wautali, iwo n'kukhalanso. Ndinadzimangirira kumsana kwa mpandowo ndi malegeni, ena m'mapewa ena pamimba, monga amachitira onyamula katundu pa malire. Pakati pa msana wanga ndi wawo panali chitsulo ndi ngodya ya matiresi. Ndinadzuka nawo. Anthu amati okalamba amapepuka. Amene amanena zimenezo sanawolotsepo mmodzi.

Pakati pa mtsinje phazi linaterereka pa mwala, tonse atatu tinapendama, nkhuku inalira, ine n'kudziwongola ndi mphamvu zimene sindidziwa kumene zinachokera.

"Nkhuku, uwauze kuti sipanala yawo yagwa m'thumba. Ndaiona ikumira."

Popanda sipanala, ndiponso mota ili tsidya lina, panalibe chifukwa chotsitsira mpando. Ndinapitirira nawo momwemo, kudutsa m'bango, kukwera kamtunda, madzi akutuluka m'nsapato. Si patali kwa munthu amene sanasenze apongozi.

Msuweni uja tinam'peza ali ndi khasu m'manja, mizere atapanga kale theka la munda. Anaona ine ndikubwera chowerama, ambulera ili pamwamba panga, ndipo anayamba kuseka. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinam'konzera njira yonse, koma mpweya unali utatha, manja ali pa malegeni. Ndinangotembenuka n'kumupatsa msana.

Kuseka kunatha.

"Ndamva kuti ndinafa," anatero apongozi. "Maliro anga munalira bwino?"

"Azakhali... ayi, ine ndimangokusungirani. Tchire likanalowa."

"Wachita bwino, mwana wa mlongo wanga. Mizere yako ndi yowongoka. Itana anthu, aone mtembo."

Ndinawatula pakati pa munda, pamwamba pa mzere, n'kukagona chagada pansi pa mtengo chapatali. Anthu anabwera kuchokera m'misasa yawo ya udzu, amayi ena akulira, ena akuwagwira mapazi otupa aja kuti atsimikize. Apongozi anakhala pampando wawo, ambulera ili pamwamba, akulandira moni ngati bwanamkubwa. Pamaso pa anthu onsewo msuweni ananena yekha, kawiri, kuti munda ndi wa azakhali ake, ndipo mbewu imene anakonza akadzala kwina.

Ndinamva mtima kukhala pansi. Ndinatseka maso. Kenaka ndinamva mayi wina wachikulire ataima pambali panga.

"Akamwini, akuti apongozi anu, theka la munda lalimidwa kale. Theka linalo likudikira inu, ndipo mvula siidikira."

Ndinadzuka pang'onopang'ono, msana ukulira. Khasu lathu linali tsidya la mtsinje, lomangirira pa nyali ya mota pamodzi ndi mphero. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo munthu yekhayo amene anali ndi khasu pafupi anali msuweni uja. Ndinapita, ndinaima patsogolo pake.

"Alamu," ndinatero, "tandibwerekani khasulo."