Chenjezo la Tisiyenji pa Uthenga wa Njovu

Ku Chama anthu ambiri amamudziwa Tisiyenji Goma ngati mkazi waukali. Akamadutsa pamsika atabereka chikwama cha laputopu, azimayi ogulitsa mpunga amakodolana n'kumanong'onezana kuti, "Ndi uyo anachititsa manyazi mlongo wake." Onena zimenezi sanaonepo ngakhale mzere umodzi wa zimene iye analemba. Koma pakamwa sipadikira umboni.

Tisiyenji anabadwira ku Chifunda, chitsirizira m'banja la alimi. Bambo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo amene anatenga malo a bambo anali mlongo wake wamkulu, Darius. Ndiye ankamukweza panjinga popita kusukulu, ndiye anamubweretsa ku boma kuti aphunzire sekondale, ndiyenso anamukhazika pa kompyuta koyamba atabwerako ku koleji ya ku Lusaka. Tisiyenji ankamutchula kuti adumbu, monga amachitira Asenga, ndipo sanamuitanepo ndi dzina. Anali mwana wosalankhulalankhula, koma wosakhutira ndi yankho latheka. Kutchalitchi akapatsidwa vesi loti awerenge, ankayamba wawerenga yekha mutu wonse kuti amve kumene nkhaniyo yachokera.

Atamaliza nayenso maphunziro a makompyuta, m'chigwa cha Luangwa munafika bungwe lina loteteza minda ku nyama zakutchire. Anthu ake anamanga malamba m'khosi mwa njovu zotsogolera magulu. Lamba aliyense ankatumiza uthenga waufupi ku timabokosi tokhomedwa pamitengo m'midzi. Uthengawo sunali wa mawu. Unali wa maziro ndi mawani okhaokha, omangidwa m'timitolo totchedwa mabaiti. Mabaiti oyamba ankanena kuti ndi njovu iti, otsatira ankanena nthawi, omaliza ankanena malo amene njovuyo ili.

Darius ndiye analemba mafankishoni omasulira timitoloti. Fankishoni ndi kachigawo ka pulogalamu kokhala ndi ntchito imodzi: ina imalandira mabaiti, ina imawagawa, ina imawasandutsa manambala oti munthu awerenge. Bungwelo linamulemba Tisiyenji ntchito yolongosola mafankishoniwo, iliyonse patsamba lake: imafuna chiyani, imabweza chiyani, nanga zinthu zikalakwika imatani. Masambawo ankaikidwa pa intaneti, ndipo owawerenga anali opanga mapulogalamu ena. Mmodzi wa iwo anali Fred wa ku Chipata, amene anapanga pulogalamu yoliza mafoni a alimi njovu zikayandikira minda.

Ntchito yolongosolayi ambiri amaipeputsa. Amangokopera zimene wolemba pulogalamu wawauza, basi atha. Tisiyenji anali ndi kachitidwe kake. Sankalemba za fankishoni asanaidyetse zoipa. Ankaipatsa uthenga wopanda kanthu, wotalika mopitirira, wosokonezeka, n'kumaona chimene ichite. Ankati munthu sumudziwa paukwati, umamudziwa pamaliro.

Tsiku lina m'mwezi wa Epulo, mpunga utayamba kuwerama m'madambo, anafika pa fankishoni yogawa uthenga wa lamba. Anatenga uthenga wabwinobwino, n'kuudula kumchira, n'kuipatsa. Ankayembekezera kuti ikana. Siinakane. Inabweza dzina la njovu, nthawi, ndi malo, zonse zooneka bwino.

Anabwerezanso, ndipo anazindikira kumene malowo akuchokera. Pamene fankishoniyo inkaikapo uthenga panali ngati mbale yosatsuka. Uthenga watsopano ukafika woduka, mbali yosowayo inkadzazidwa ndi zotsala za uthenga wakale. Nthawi inali ya lero, malo anali a dzulo. Foni ikanauza mlimi kuti njovu idakali kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, njovuyo ili kale m'munda. Ndipo m'chigwa muno netiweki imaduka ngati ulusi wovunda.

Choipa kwambiri n'chakuti anthu a ku Chifunda anali atatsika pansanja zawo zolonderapo. Zitini zimene ankaziimba poingitsa njovu ana anali atazisandutsa magalimoto. Aliyense ankagona m'nyumba, foni ili kumutu.

Tisiyenji anamupeza Darius kuseri kwa ofesi akutsuka njinga yake yamoto.

"Adumbu, tabwerani muone chinthu."

"Manje mwagwira ndani lero, apolisi athu?" anatero Darius akuseka, akupukuta manja pa buluku.

Anamuonetsa. Darius anayang'ana nthawi yaitali, ndipo kuseka kuja kunazilala.

"Chabwino, ndaona. Ndidzakonza."

"Liti?"

"Misewu ikauma. Uganiza ndingafike bwanji pa kabokosi kalikonse ndi matope awa? Tikakolola ndizungulira konse."

"Njovu zimabwera tisanakolole, adumbu."

"Ukundiphunzitsa za njovu iwe? Ndinayamba kuziingitsa usanamere mano."

"Ndiye ndilembe patsamba kuti anthu adziwe."

Darius anatseka laputopu ija ndi chala chimodzi. Anamukumbutsa kuti akuluakulu a bungwe akubwera kudzaona ntchito yawo kuti aipititse ku maboma ena, ndipo choyamba chimene adzawerenge ndi masamba omwewo.

"Lemba chimene fankishoni inapangidwira. Ntchito yako ndi imeneyo."

"Ine ndimalemba chimene imachita."

"Iwe umalemba chimene ndakuuza. Fred ndimuuza ndekha, mwakachetechete. Za m'nyumba sitiyanika pamsewu."

Tisiyenji anakhala chete. Uku n'kumene anthu omunena saganizira: anakhala chete, anamvera, anadikira. Tsamba lija analisiya lopanda kanthu, n'kupitiriza ndi mafankishoni ena. Akamva kuti kwagwa mvula ku Chifunda, ankadziwa kuti mauthenga akuduka, ndipo ankangoyendayenda m'chipinda ngati nkhuku yofuna poikira.

Darius anaona nkhope ya mlongo wakeyo ndipo anatumiza mawu kumudzi. Mayi awo, a Vainess, anakwera galimoto yonyamula matumba n'kufika ku boma fumbi lili m'maso.

"Ndamva kuti ufuna kumuvula mlongo wako pagulu," anatero asanamwe n'madzi omwe.

"Amama, sindikumuvula. Chinthu chili ndi vuto."

"Chinthu chiti chilibe vuto? Denga langa limadontha, kodi ndinalembapo chikwangwani? Uja ndi bambo ako. Unakhala munthu chifukwa cha msana wake."

"Munda wanu nawonso uli konko, amama."

"Munda wanga usiye. Mulungu amene anaupatsa mvula ndiye adzaulondera."

Tisiyenji anafuna kuyankha kuti Mulungu yemweyo analetsa umboni wonama, koma anameza. Mayi ake sanali munthu wowaponyera vesi.

Chimene chinathyola kudikira kwake chinali chaching'ono. Fred anamuimbira foni kufunsa za tsamba lina, ndipo pomaliza Tisiyenji anamufunsa ngati Darius anamuuza za mauthenga oduka.

"Oduka ati?" anatero Fred. "Tinalankhula dzana, koma tinangokamba za mpira."

Tisiyenji anakhala pansi masana omwewo ali wokwiya, n'kulemba tsamba lija. Sanatchule dzina la munthu. Sanaikemo mawu onyoza. Analongosola zimene fankishoni imafuna ndi zimene imabweza, monga ankachitira nthawi zonse, kenako pansi pake analemba m'Chingerezi mawu otanthauza kuti: "Fankishoni iyi siyang'ana ngati uthenga wafika wathunthu. Uthenga ukaduka, imabweza nthawi yatsopano ndi malo akale, ndipo sichenjeza. Werengani mabaiti musanaigwiritse ntchito." Anaikaponso chitsanzo cha uthenga woduka kuti aliyense ayese yekha. Atatero anatumiza.

Atawerenga tsambalo, Fred anakonza pulogalamu yake kuti izitaya mauthenga oduka. Koma uthenga wotayidwa ndi foni yosalira, ndipo foni yosalira mlimi amaimva ngati mtendere. Choncho Lamlungu lotsatira Tisiyenji anapita ku Chifunda, ndipo pa nthawi ya zolengeza anaimirira m'tchalitchi n'kupempha anthu kuti abwerere pansanja mpaka atakolola.

Palibe anamuthokoza. Atatuluka panja, a Agness, mayi wa munda wa m'mphepete mwa dambo, anamutsekera njira.

"Manje iwe, chaka chatha munatiuza kuti tizigona, foni ilondera. Lero ukuti tikadyedwe ndi udzudzu. Timvere uti?"

"Mverani za lero, amama."

"Za lero. Iwe ndi mlongo wako mukayambana kunyumba kwanu, msana wothyoka ukhale wanga? Nsanja yanga chiswe chinadya kale. Ubwera kudzandimangira ndi kompyuta yakoyo?"

Anthu anaseka. Ena anakamanga nsanja akung'ung'udza, ena sanapite. Chaka chimenecho njovu zinadya minda ina n'kusiya ina, monga zimachitira chaka chilichonse. Palibe angaloze munda n'kunena kuti uwu unapulumuka chifukwa cha Tisiyenji, ndipo iye sananenepo zotero.

Akuluakulu a bungwe anabwera, anawerenga tsamba lija, ndipo nkhani yopititsa ntchito ku maboma ena anaiimitsa kaye. Akuluakuluwo anamudzudzula Darius pamaso pa anthu amene iye ankawayang'anira. Mawa lake Tisiyenji atafuna kulowa pamasamba ake, anapeza kuti mawu ake achinsinsi sakutsegulanso. Wosunga makiyi onse anali Darius. Mwezi usanathe anauzidwa kuti ntchito yolongosola yatha chifukwa bungwe likusintha kayendetsedwe ka zinthu. Palibe ngakhale mmodzi ananena kuti zimene analemba n'zabodza. Anati alibe mzimu wogwira ntchito ndi anzake. Munthu wapeza dzenje pakati pa njira, waikapo nthambi kuti ena asagweremo, ndiye mlandu ukhale wa nthambi.

Masiku ano Tisiyenji amaphunzitsa makompyuta pa sukulu ina ya mishoni, kumene makompyuta oyaka ndi ochepa kuposa akufa. Ukali wake sunathe, ndipo sauphimba. Akamva wina akuti, "Zinangochitika," amafunsa kuti anazichita ndani.

Misewu itauma Darius anazungulira midzi n'kukonza timabokosi tambiri. Ta kutali kwenikweni, kumene njinga yamoto siifika msanga, tidakali ndi fankishoni yakale. Kwa miyezi yonseyo iye ndi mlongo wake sankalankhulana. Akakumana pamaliro ankapatsana moni wa alendo.

A Vainess sanapirire. Anagwira nkhuku yawo yoyera, anaimanga miyendo, n'kuipereka kwa Tisiyenji.

"Wamng'ono ndiye amapita. Sindifuna kufa ana anga akuyang'anana ngati agalu a midzi iwiri."

"Ndikapepese chiyani, amama?"

"Ukapeza konko chopepesa. Nyamula."

Ananyamula. Anayenda nayo nkhukuyo kudutsa pamsika masana dzuwa lili pamutu, azimayi a mpunga akumuyang'ana. Anamupeza Darius atakhala pakhonde. Anagwada pansi pa masitepe monga mwa mwambo, n'kuika nkhuku patsogolo pake.

"Adumbu, ndabwera. Munandilera, ndipo manyazi amene munawaona anadzera m'manja mwanga. Pa chimenecho ndikupepesa."

Darius anayang'ana nkhuku, kenako anayang'ana kumsewu.

"Pa chimenecho pokha?"

"Pokhapo."

"Ukanatha kulemba mofewa."

"Liwu liti limene lili labodza? Nditchulireni, ndipepesenso."

Darius anaitana mkazi wake kuti atenge nkhuku ija, ndipo mkaziyo anaitenga mwamsanga n'kubwerera kukhitchini osayang'ana aliyense.

"Dzuka, maondo angapweteke," anatero Darius. Tisiyenji atakhala pa mpando, iye anapitiriza motsitsa mawu. "Chenjezo lija lidakalipo patsamba. Aliyense wotsegula amayamba kuona lomwelo. Ndinakonza, Tisiye. Lichoke tsopano."

"Mwakonza timabokosi tonse?"

"Tatsala tochepa."

"Ndiye ine sindingalichotse. Komanso mwaiwala, adumbu, kiyi munandilanda. Ali nayo ndinu. Ngati mukuona kuti lichoke, fufutani nokha."

Ndiwo zitapsa, mkazi wa Darius anabweretsa madzi osamba m'manja. Anadya nkhuku ija limodzi. Anakamba za denga la mayi awo, ndi za mwana wa Darius amene anali kudwala chifuwa. Za tsamba sanazitchulenso.

Tisiyenji ntchito ija sanabwererepo, ndipo mlongo wake sanamupemphe kuti abwerere. Amayenderana tsopano, ngakhale kuti kuseka kwawo sikufika pamene kunkafika kale. Nthawi zina, ana akaweruka, iye amatsegula tsamba lija pa kompyuta ya kusukulu monga mlendo wina aliyense. Chenjezo lidakali pomwepo, ndipo palibe liwu limene lasinthidwa.