Akamwini Anga ndi Madibaga Atatu

Akamwini anga a Rafaeli Malizani, a ku Nsanje, ndi munthu wabwino, koma kusankha kunawakanika chibadwire. Mwana wanga Idah anamuyendera zaka zinayi asanatsegule pakamwa, mpaka galu wathu anasiya kuwauwa. Atakwatira anapempha kukhala kaye m'kanyumba kanga kakuseri kuno ku Zingwangwa, ati akusankha nyumba.

Ntchito yawo ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. Mu 2009 kachipatala kena ka ku Chilomoni kanawauza kuti akalemba pulogalamu yosunga makadi a odwala, n'kuyenda bwino pofika Lachisanu, ntchito ndi yawo. Analemba ndithu. Koma inkati ikawerenga makadi pang'ono, thi! yazima ngati koloboyi pamphepo.

"Pakufunika dibaga, bambo," anandiuza.

"Ndi jekeseni imeneyo?"

Anati ayi, ndi pulogalamu ina yoyendetsa inzake pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, kuti uone pamene ikupunthwa. Ine sukulu ndinalekera sitandade 4, koma ndinamva msanga. Kuntchito kwanga ku Makata makina oluka nsalu akavuta tinkawazungulitsa ndi dzanja mpaka pomwe ulusi ukuduka paoneke.

Tsoka lake, madibagawo ndi aulere. Chogula amakusankhira ndi thumba, koma chaulere chimafuna mutu. Akamwini anapeza atatu okhala ndi mawindo ndi mabatani: DDD, KDbg ndi Nemiver. Lolemba anati DDD ikuoneka yachikale ngati wailesi yanga. Lachiwiri anatandala ku kefe ya intaneti kuwerenga zimene azungu akukangana za enawo. Lachitatu anajambula mizere papepala n'kumawapatsa mamalikisi. Onse anakhoza.

Lachinayi masana Idah anaika beseni la zochapa pansi.

"Bambo a Faith, mawa ndi Lachisanu. Pa atatuwa, ili kale m'kompyutamo ndi iti?"

"Ndi DDD, koma maonekedwe ake..."

"Inu maonekedwe anu ndinawayang'ana? Tsegulani!"

Anatsegula. Ine ndinakoka mpando. Kamuvi kanayamba kutsika mzere ndi mzere, pamwamba tikuona timabokosi ta dzina ndi chaka chobadwa cha wodwala aliyense. 1971, kadutsa. 1985, kadutsa. Pa khadi lina kanaima nji. M'bokosi lofuna manambala munalembedwa kuti "chaka cha njala". Kalaliki wa chipatala anakopera mokhulupirika zimene wodwalayo ananena, pulogalamu n'kutsamwa.

"Ndani mbuli imeneyi?" ndinafunsa ndikuseka.

Akamwini anakhosomola. Idah anawerenga dzinalo mokweza, kawiri, kuti amayi ake amve kukhitchini. Linali langa. Ndinali nditapitako chaka cham'mbuyo mwake ndi bondo.

"Nanga ndiname?" ndinatero. "Mayi anga anandiuza choncho. Kalendala akanaitenga kuti, anthu akudya zikhawo?"

A Rafaeli ulemu ali nawo. Anawonjezera bokosi la ife obadwa chaka cha njala, cha dzombe ndi cha Napolo, ndipo tinapezeka makumi atatu ndi mmodzi. Lachisanu pulogalamu inawerenga makadi onse osapunthwa. Adokotala anakondwera kwambiri ndi bokosi lathulo, ati ena akalemba mapulogalamu amaiwala nkhalamba. Ntchito anaipata.

Loweruka akamwini anabwera ndi pepala la nyumba zitatu za lendi, atajambula kale mizere. Idah analilanda, n'kupita yekha ku Chilomoni. Anasamuka Lolemba.